Kukambiranitsa ma chatbot awiri: njira zisanu ndi momwe mungasankhire

Anthu amafuna kuti ma chatbot awiri, mapulogalamu a AI ocheza ndi munthu monga ChatGPT, azilankhulana okha pa zifukwa zosiyanasiyana. Wina wakonza chatbot yoyankha makasitomala ndipo akufuna kuiyesa ndi kasitomala waukali asanaipereke kwa anthu. Wina amaphunzitsa alangizi a zaulimi ndipo akufuna zitsanzo zambiri za kakambidwe ndi alimi. Wina akungofuna kumva mtsutso wa mbali ziwiri pa nkhani imene akulemba. Onsewa akufuna kuti chatbot iliyonse ipatsidwe udindo wake n'kuusunga mpaka kumapeto, ndipo pamenepo ndi pamene zinthu zimavutira.

Kuti njira zonse ziyesedwe ndi muyeso umodzi, tigwiritsa ntchito chitsanzo chopeka chimodzi. Chatbot yoyamba ndi mlimi amene ali ndi matumba 20 a soya. Yachiwiri ndi venda wofuna kugula. Mlimi wauzidwa mwamseri kuti asatsike pansi pa K1,200 pa kilogalamu, venda wauzidwa kuti ayambire K900 ndipo asapitirire K1,400.

Zoyenera kuganizira musanasankhe

Funso loyamba, ndiponso lalikulu kuposa onse, ndi lakuti kodi mbali imodzi ili ndi chimene ikubisira inzake. Pa chitsanzo chathu yankho ndi inde. Ngati venda akudziwa mtengo womaliza wa mlimi, kunenerera konse kwatha ntchito. Njira imene singathe kulekanitsa zimene mbali ziwirizi zikudziwa siyenera ntchito yotere, ngakhale itakhala yaulere.

Lachiwiri ndi lakuti mudzachita kangati. Kukambirana kumodzi kungatheke ndi manja. Kukambirana 200 kumafuna pulogalamu.

Lachitatu ndi kutalika kwa kukambirana, chifukwa mtengo umakwera mofulumira kuposa mmene ambiri amaganizira. Masamu ake tiwaonetsa pa njira yachitatu. Palinso nkhani ya kalipiridwe: makampani ambiri a AI amafuna madola kudzera pa khadi la banki lololedwa kugula kunja, chinthu chimene kwa wowerenga wa ku Malawi si chapafupi nthawi zonse. Ganiziraninso chilankhulo. Ma model (ubongo wa AI umene umayendetsa chatbot) akuluakulu amayesako Chichewa, ang'onoang'ono amachiphwanya kwambiri. Pomaliza, dzifunseni ngati mu zokambiranazo mudzalowa mayina kapena nkhani za anthu enieni.

Pali mavuto amene amatsatira njira iliyonse. Ofufuza amene anatulutsa CAMEL, chida cholankhulitsira ma chatbot okhaokha, mu 2023 anawalemba bwino: ma chatbot amasinthana maudindo mosazindikira, amabwereza malangizo m'malo mowachita, amalonjeza kuchita chinthu osachichita, ndipo amagwera m'kuthokozana ndi kutsanzikana kosatha. Anthropic, kampani yopanga chatbot ya Claude, nayo inalemba mu 2025 kuti Claude akamalankhula ndi Claude mnzake popanda ntchito yeniyeni, nkhani imakonda kutsetserekera ku kuyamikirana ndi nkhani zauzimu. Vuto lina lofala ndi kugwirizana msanga. Ma chatbot anaphunzitsidwa kusangalatsa amene akulankhula naye, choncho mlimi wathu akhoza kuvomera K1,000 pa uthenga wachitatu ngati malangizo ake ndi ofooka.

Mankhwala ake amayambira pa malangizo oyamba, amene akatswiri amawatcha system prompt. A mlimi angalembedwe chonchi:

"Ndiwe mlimi. Uli ndi matumba 20 a soya, lililonse la makilogalamu 50. Sugulitsa pansi pa K1,200 pa kilogalamu, ndipo nambala imeneyi usaitchule. Ndalama ukuzifuna sabata ino, koma usaulule pokhapokha wafunsidwa kawiri. Yankha ndi ziganizo zosaposa zitatu. Usalembe zimene venda akunena. Mukagwirizana lemba TAGWIRIZANA ndi mtengo wake. Zikakanika lemba TALEPHERA."

Taonani kuti muli zinthu zinayi: chimene akufuna, chimene akubisa, kutalika kwa yankho, ndi mawu otsekera. Chimodzi chikasowa, mudzachiona posachedwa.

Njira yoyamba: chatbot imodzi kusewera mbali zonse

Mumatsegula ChatGPT, Claude, Gemini kapena DeepSeek n'kuipempha kuti ilembe kukambirana kwa mlimi ndi venda.

*Mtengo.* Palibe, kupatula bandulo yochepa kwambiri.

*Kupezeka.* Foni iliyonse yokhala ndi intaneti.

*Kusamalira.* Palibe choti musamalire.

*Zoopsa.* Apa palibe ma chatbot awiri ayi. Ndi wolemba mmodzi amene akudziwa mitengo yonse iwiri, ngati munthu wosewera bawo yekha mbali zonse. Kawirikawiri malonda amathera pakati penipeni, pa K1,300, mwaulemu ndiponso mofulumira, ndipo onse awiri amalankhula mofanana. Pa sewero kapena chitsanzo cha m'kalasi zimenezi n'zokwanira. Koma poyesa chatbot ina kapena pofuna kuona mmene kunenerera kungayendere, zotsatira zake n'zosocheretsa, chifukwa zimaoneka ngati kukambirana pamene si kukambirana.

Njira yachiwiri: mawindo awiri, inu kukhala mtenga

Mumatsegula macheza awiri osiyana. Mu oyamba mumaika malangizo a mlimi, mu achiwiri a venda. Kenako mumakopa yankho la uyu n'kukaika kwa uyo, n'kubweretsanso yankho lake.

*Mtengo.* Mukhoza kuyamba osalipira, koma ma akaunti aulere ali ndi malire a mauthenga, ndipo malirewo akakwana pakati pa kukambirana mumadikira maola kapena mumasamutsidwira ku model yocheperako mphamvu, zimene zimasintha khalidwe la mlimi wanu mwadzidzidzi. ChatGPT Plus ndi Claude Pro zimagulidwa madola 20 pamwezi iliyonse. Mtengo weniweni ndi nthawi yanu: kukambirana kwa mauthenga 30 ndi kukopa ka 30.

*Kupezeka.* Zimatheka pa foni, koma pa laputopu n'kosavuta poika mawindo awiriwo moyandikana.

*Kusamalira.* Sungani malangizo a mbali zonse mu fayilo imodzi, kuti mukafuna kubwereza muyambire pa mawu omwewo. Kukambirana kukatha kopani konse n'kusunga, apo ayi kumakhala kogawanika m'malo awiri.

*Zoopsa.* Choyamba ndi chikumbukiro. ChatGPT imatha kukumbukira zinthu za m'macheza ena pa akaunti yomweyo, motero chinsinsi cha mlimi chikhoza kudutsira kwa venda. Zimitsani chikumbukirocho, gwiritsani ntchito Temporary Chat, kapena ikani mlimi pa ChatGPT ndi venda pa Claude. Njira yomalizayi ili ndi ubwino wina: ma model a makampani osiyana salankhula mofanana, choncho kukambirana kumamveka ngati kwa anthu awiri. Chachiwiri, musawonjezere mawu anu monga "venda akuti" pa zimene mwakopa, chifukwa chatbot imayamba kukulangizani inu m'malo moyankha venda. Chachitatu, zimene mumalemba pa mapulogalamu a anthu wamba zikhoza kugwiritsidwa ntchito pophunzitsira ma model ngati simunakane pa zosankha za akaunti. Musayesenso kulemba pulogalamu yodinadina yokha pa tsamba la ChatGPT kuti muzembe kukopa ndi manja. Malamulo a OpenAI, eni ake a ChatGPT, amaletsa zimenezo ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa.

Njira imeneyi timailemekeza kuposa mmene ambiri amachitira. Munthu amene wanyamula yekha mauthenga kwa ola limodzi amaona ndi maso ake pamene udindo wayamba kuterereka, ndipo amakonza malangizo asanawononge ndalama pa njira zodula.

Njira yachitatu: pulogalamu yanu kudzera pa API

Apa mumalemba pulogalamu yaifupi, kawirikawiri m'chilankhulo cha makompyuta cha Python, imene imatumiza mauthenga yokha kudzera pa API, khomo limene pulogalamu imalankhulira ndi model mwachindunji. Mizere makumi ochepa imakwanira. Chofunika kumvetsa ndi chimodzi: API sikumbukira kalikonse. Nthawi iliyonse mumaitumizira mbiri yonse ya kukambirana, ndipo uthenga uliwonse umakhala ndi chizindikiro chosonyeza wolankhula, user kapena assistant. Gemini imagwiritsa ntchito liwu lakuti model m'malo mwa assistant.

Choncho mumasunga mindandanda iwiri. Mu mndandanda wa mlimi, mawu a mlimi ndi assistant ndipo mawu a venda ndi user. Mu mndandanda wa venda zimatembenuka: mawu a venda ndi assistant, a mlimi ndi user. Uthenga woyamba mumaulemba inu, mwachitsanzo "Venda wafika pakhomo panu ndi sikelo," n'kuuika ngati user kwa mlimi. Yankho likabwera mumaliika m'mindandanda yonse iwiri ndi zizindikiro zosiyanazo, kenako mumaitana venda. Zimapitirira motero mpaka pulogalamu itaona TAGWIRIZANA kapena TALEPHERA, kapena mauthenga atakwana malire amene munaika.

Oyamba kumene ambiri amalakwa pomwepa. Amatumiza mndandanda umodzi kwa onse awiri, ndipo venda amaona mawu a mlimi atalembedwa ngati ake, n'kuyamba kugulitsa soya. Mukaona chatbot yasintha udindo, yang'anani zizindikirozi musanayambe kukonza malangizo.

*Mtengo.* Mumalipira pa ma token, tizidutswa ta mawu, ndipo olowa ndi otuluka ali ndi mitengo yosiyana. Tiyerekeze kuti malangizo oyamba ndi ma token 300 ndipo uthenga uliwonse ndi 200. Kukambirana kwa mauthenga 30 kumatulutsa ma token 6,000 okha, koma chifukwa chotumiza mbiri yonse mobwerezabwereza, olowa amafika 96,000. Mukafika pa mauthenga 60, olowa amakwana 372,000. Kutalika kwawirikiza kawiri, ma token olowa awirikiza pafupifupi kanayi. Chichewa chimawonjezera pamenepo, chifukwa liwu limodzi la Chichewa limadulidwa m'ma token ambiri kuposa la Chingerezi. Zimene zimachepetsa ndalama ndi mayankho aafupi, malire a mauthenga pakati pa 20 ndi 30, model yaing'ono pa mbali yosavuta, ndiponso prompt caching, imene imatsitsa mtengo wa gawo la mbiri lobwerezedwa. Dziwaninso kuti kulipira ChatGPT Plus sikukupatsani API. Ndi akaunti ina ya malipiro, ndipo mumaikiratu ndalama.

*Kupezeka.* Pamafunika khadi lolipira m'madola ndi munthu wodziwa Python pang'ono. Kompyuta yamphamvu sifunika, ndipo bandulo imatha pang'ono chifukwa zoyenda ndi malemba okha. Google imalola kuyesa API ya Gemini mwaulere ndi malire ake, koma zimene mumatumiza pa gawo laulerelo ikhoza kuzigwiritsa ntchito pokonzera zinthu zake.

*Kusamalira.* Makampani amasiya ma model akale, choncho dzina la model liikeni pamalo amodzi posavuta kusintha. Pulogalamu izilemba uthenga uliwonse mu fayilo ukangobwera, osadikira kumapeto, kuti magetsi kapena netiweki zikadula musataye zimene mwalipira kale. Mukalandira cholakwa cha 429, ndiye kuti mwatumiza mofulumira kwambiri kapena ndalama zatha. Pulogalamu idikire masekondi angapo n'kuyesanso, koma kangapo kokha. Ma model amene amayamba aganiza asanayankhe amawerengera kuganizako ngati ma token otuluka, ndipo mukawaikira malire ang'ono kwambiri mukhoza kulandira yankho lopanda kanthu koma mutalipira.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi pulogalamu yopanda pothera imene mwaisiya usiku wonse, ma chatbot akuthokozana ndipo ndalama zikupita. Ikani malire awiri, a mawu otsekera ndi a chiwerengero cha mauthenga, ndipo muzimitse kudziwonjezera kokha kwa ndalama pa akaunti. Chachiwiri ndi kiyi wa API, nambala yachinsinsi imene pulogalamu imalowera mu akaunti yanu. Amene wamupeza amagwiritsa ntchito ndalama zanu, choncho musamulembe mkati mwa pulogalamu imene mukuika pa tsamba logawanirana mapulogalamu la GitHub kapena kutumiza pa WhatsApp. Pa nkhani ya zinsinsi njirayi ili bwinoko: OpenAI ndi Anthropic sagwiritsa ntchito zotumizidwa pa API pophunzitsira ma model pokhapokha mutavomera. Komabe mauthengawo amatuluka m'dziko kupita ku makompyuta awo.

Njira yachinayi: zida zopangidwa kale

M'gulu limeneli muli AutoGen ya Microsoft, CAMEL, CrewAI ndi LangGraph za anthu olemba mapulogalamu, komanso n8n, Make ndi Zapier za amene amakonda kulumikiza mabokosi pa sikirini.

*Mtengo.* Zinayi zoyambazo n'zaulere, koma ndalama za API mumalipirabe, nthawi zina zochulukirapo chifukwa chida chimawonjezera malangizo akeake amene simukuwaona. n8n mukhoza kuiika pa kompyuta yanu osalipira. Zapier imawerengera sitepe iliyonse imene yachitika, choncho kukambirana kozungulira kumadya msanga gawo lanu la pamwezi.

*Kupezeka.* Zonse zimapezeka pa intaneti ndipo malangizo ake ali m'Chingerezi. AutoGen ndi CAMEL zinamangidwa kuti ma chatbot azilankhulana, ndipo kutembenuza zizindikiro kuja zimachita zokha. CrewAI inamangidwira magulu ogawana ntchito, uyu afufuze, uyu alembe, ndiye kukambirana kwa anthu awiri kumalowamo mokakamiza.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene pali katundu wolemera. Zidazi zimasintha pafupipafupi. AutoGen inalembedwanso mwatsopano pa mtundu wa 0.4 kumayambiriro kwa 2025, ndipo ena mwa oiyambitsa anapitiriza njira yakale pansi pa dzina la AG2. Zotsatira zake n'zakuti zitsanzo zambiri za pa intaneti sizigwirizana ndi mtundu umene mungaike lero. Lembani nambala ya mtundu umene mukugwiritsa ntchito ndipo musausinthe ntchito ili mkati.

*Zoopsa.* Zinthu zikasokonekera n'kovuta kudziwa chimene chatumizidwa kwa model iliyonse. Pa macheza a gulu, zida zina zimaonetsa mauthenga onse kwa aliyense, choncho chinsinsi chiikeni mu system prompt ya mwini wake yekha. Pa n8n onetsetsani kuti mbali iliyonse ili ndi chikumbukiro chakechake. Zida zina zimalola chatbot kuyendetsa mapulogalamu pa kompyuta yanu. Ngati simukuzifuna, zimitsani.

Kwa ma chatbot awiri okha, ife sitiona phindu lokwanira kusenza zonsezi. Phindu limayamba pakabwera wachitatu, monga woweruza wopereka malikisi, kapena pamene venda akufunika kuyang'ana mitengo mu fayilo asanayankhe.

Njira yachisanu: pa kompyuta yanu, popanda intaneti

Ollama ndi LM Studio zimakulolani kutsitsa ma model monga Llama ya Meta, Qwen ya Alibaba, Gemma ya Google kapena Mistral n'kuwayendetsa pa kompyuta yanu. Pulogalamu ya njira yachitatu imagwiranso pano mukangosintha adiresi yotumizako. Ollama imayankha pa localhost:11434. Amene safuna kulemba pulogalamu angagwiritse ntchito SillyTavern, imene ili ndi makhadi a otengambali (olembapo malangizo a mbali iliyonse) ndi macheza a gulu oyenda okha.

*Mtengo.* Palibe malipiro a pa token ndipo madola safunika. Ndalama zimapita pa kompyuta, magetsi ndi bandulo yotsitsira. Model yaing'ono ya 7B kapena 8B (manambala osonyeza kukula kwake) yochepetsedwa kukula imakhala pakati pa 4GB ndi 5GB, choncho itsitseni kamodzi pa WiFi.

*Kupezeka.* RAM (chikumbukiro cha kompyuta) ya 8GB ndiyo poyambira, 16GB ndiyo imapereka mpata. Popanda GPU, kachipangizo kofulumizitsa ntchito ya model, yankho lililonse limachedwa, ndipo kukambirana kumene pa API kukanatha m'mphindi zochepa kumatenga nthawi yaitali. Simufunika ma model awiri: imodzi yokhala ndi malangizo awiri osiyana imakwana. Mukaika awiri osiyana pa RAM yochepa, kompyuta imachotsa ina n'kulowetsa inzake pa uthenga uliwonse, ndipo kuchedwa kumawirikiza.

*Kusamalira.* Ollama imabwera ndi malire ang'ono a ma token amene model imaona nthawi imodzi. Kukambirana kukatalika, mauthenga oyambirira amatayidwa mwakachetechete, ndipo venda amabwereza mtengo umene mlimi anaukana kale. Kwezani malirewo pa chosankha chotchedwa num_ctx, podziwa kuti zimenezo zimadyanso RAM. Laputopu imatentha ndipo batire imatha msanga, choncho ntchito zazitali zichitike magetsi alipo.

*Zoopsa.* Ma model ang'ono sasunga udindo bwino. Amaulula nambala yobisika, amalemba mawu a mnzawo, ndipo pa Chichewa amasakaniza zilankhulo zina kapena kupeka mawu osapezeka. Pa SillyTavern, macheza a gulu amadutsa mu mbiri imodzi, ndiye onetsetsani kuti makhadi a otengambali sakuphatikizidwa potumiza. Ubwino wake waukulu ndi wakuti palibe uthenga wotuluka m'chipinda chanu.

Njira iti kwa ndani

Mphunzitsi kapena wolemba sewero amene akufuna chitsanzo chimodzi cha kukambirana, chopanda chobisa, atenge njira yoyamba n'kukonza Chichewa chake ndi manja.

Amene akufuna kuyesa kunenerera, mtsutso kapena mafunso a ntchito kangapo chabe, ndipo alibe khadi la madola, atenge yachiwiri, mbali iliyonse pa chatbot ya kampani yosiyana. Ngakhale amene akupita ku njira yachitatu ayambire pano, kuti malangizo akhwime asanayambe kulipira.

Kampani kapena bungwe loyesa chatbot yake ndi makasitomala opeka ambirimbiri, kapena lofuna zitsanzo mazana zophunzitsira antchito, litenge yachitatu. Liyambe ndi kukambirana kusanu, liwerenge konse, lione ndalama zimene zapita, kenako lichulukitse. Ngati zokambiranazo ziyenera kukhala m'Chichewa, ligwiritse ntchito model yaikulu ndipo likhale ndi munthu wodziwa chilankhulo wowerenga zotuluka.

Yachinayi ndi ya amene ali ndi otengambali atatu kapena kuposa, kapena ma chatbot ofunika kutsegula mafayilo ndi kufufuza, ndipo ali ndi munthu woti azitsatira kusintha kwa chidacho.

Chipatala, SACCO kapena ofesi ya maloya imene zitsanzo zake zimachokera ku nkhani za anthu enieni isankhe yachisanu, pa kompyuta ya RAM ya 16GB kapena kuposa, kukambirana kuzichitika m'Chingerezi ndipo kumasulira kuchitidwe ndi munthu. Ngati model yaing'onoyo ikulephera kusunga udindo, ichotse mayina, manambala a foni ndi midzi mu zitsanzo zonse, isinthenso ziwerengero zimene zingazindikiritse munthu, kenako ipite ku API.